Supuni Imodzi ya Nyenyezi

Ndinkatsendera mtedza m'thumba pang'onopang'ono, mwadala, kuti ndisalowe m'nyumba. Mkatimo munali amalume a Zakeyu, amene amalemba mapepala a katundu pa malire a Mwanza. Anali atandipezera malo a ukalaliki ku ofesi kwawo, ati ndiyambe Lolemba. Kalata yondiitana ku yunivesite kukaphunzira fizikisi inali pansi pa matiresi sabata yachiwiri. Palibe amene ndinamuuza, ndipo yankho linkafunika pofika Lachisanu.

Atatopa kundidikira, amalume anatulukira pakhonde ndi kapu ya tiyi, amayi ali pambuyo. Anandiseka kuti ndikutsendera ngati ndikuupepesa mtedzawo. Anaika bondo pathumba n'kukankha kawiri, malo a theka la ndowa n'kupezeka. Kachitatu thumba linakana.

"Waona, Esinati? Chilichonse chili ndi polekezera. Sukulunso chimodzimodzi."

Amayi anaseka. Ine maso anali pa supuni ya m'kapu mwa amalume.

Tili Fomu 4, a Madamu Doris anatiuza za nyenyezi zina zimene zikatha moto zimadzitsendera zokha, mpaka chinthu cholemera kuposa dzuwa n'kusanduka mpira woti ungaudutse pa njinga m'maola awiri. Ziwiri zotere zikagundana, kunjenjemera kwake kumafika mpaka kuno, ndipo akatswiri amakuyeza kuti adziwe ngati zam'kati mwake n'zolimba kapena zofewa. Mpaka lero sanamvane. Chiyambire tsiku limenelo, thumba lililonse limandikumbutsa zimenezi.

Amalume anali atayamba kudzitama kuti thiraki akangoiona matayala, kulemera kwake amakudziwa isanakwere pa sikelo. Anati ntchitoyo ndiikonda, poti siifuna munthu wolongolola. Kenako anandifunsa ngati ndili ndi siketi yakuda ya ku ofesi.

Ndinamanga thumba pakamwa, mfundo ziwiri. Mawu anatuluka aang'ono, koma anatuluka.

"Amalume, mutatunga nyenyezi inayake ndi supuni yanuyo, supuni imodziyo ingalemere kuposa mathiraki onse amene anadutsapo pa malire chimangireni msewu."

Anaitulutsa m'kapu n'kuiyang'ana, tiyi akudontha pa nsapato. Ine ndinapitiriza.

"Thumba ili lakana kachitatu, taona tonse. Koma nyenyeziyo palibe akudziwa pamene imakanira, ndiye ndikufuna ndikakhale nawo pofufuzapo. Anandiitana ku yunivesite, kalata ili pansi pa matiresi. Lolemba sindibwera, amalume. Mawa ndikuwayankha kuti ndikupita."