Duwa la Dzino Lobenthuka

Mwezi wathunthu Aphunzitsi anali adakali ndi ngongole kwa Mayi a mapasa, ngongole ya mawu. Anapangana anthu akuona, pamzere wotunga madzi mumsasa wa othawa nkhondo: mayiwo afotokoze mmene anathawira, Aphunzitsi aike mng'ono wa mayiwo mu ndakatulo zimene amalakatula pa wailesi Lachisanu. Wailesiyo inkamveka m'misasa yonse itatu. Mwina mng'onoyo, amene anasiyana naye pamlatho tsiku la mabomba, akanamva.

Ndakatulo itatuluka, mayiwo anamata khutu pa wailesi ya mnansi. Anamva za mfuti zolira ngati afisi, za dziko lokha magazi, za "duwa lothothoka pamlatho." Basi.

Anakawapeza Aphunzitsi m'kontena yojambuliramo mawu, atawerama pakope, pensulo ili kukamwa.

"Aphunzitsi, duwa lija ndani?"

"Mng'ono wanu, Mayi. Mu ndakatulo timatero."

"Duwa? Munthu wa mapazi ngati makasu uja? Akamva duwa apitiriza kuchapa. Lembani: wamfupi, dzino lakutsogolo lobenthuka, kwathu timamuti Chiphokoso. Mkulu wake ali mutenti nambala 46, kuseri kwa thanki ya madzi."

"Nambala mu ndakatulo ya nkhondo? Mayi, alakatuli akale ankalirira mtundu wonse, osati tenti imodzi."

"Atalira, abale awo anawapeza?"

Aphunzitsi anakanda dazi. "Chabwino, dzino ndiika. Nambala ayi, ikuthyola kayendedwe ka mawu. Ndiponso mphindi amandipatsa zitatu zokha."

"Chotsani afisi, malo apezeka."

"Afisi ndiwo mtima wa ndakatuloyi!"

"Atsale mmodzi. Ine ndinakupatsani mlatho, mabomba, ndi misozi yanga yomwe. Inu mwandibwezera duwa losadziwika kwawo. Mukanakhala pamsika anthu akanakuthamangitsani."

Anakokanakokana mpaka tiyi wa Aphunzitsi anazizira. Afisi anatsala awiri, magazi anachoka, thanki inalowa.

Lachisanu mayiwo anadzilowetsa okha m'kontenamo, nakhala pakireti, manja atapinda pachifuwa. Getsi lofiira litayaka, Aphunzitsi anatulutsa mawu awo aakulu aja. Anadutsa pamlatho bwinobwino. Dzino analitchula mothamanga ngati likuwotcha. Atafika pa nambala anaima.

Mayi a mapasa anakhosomola kamodzi.

"Chiphokoso, mwana wa mayi anga," anatero Aphunzitsi, akukumbukira m'bale wawo amene nayenso anasowa. "Ngati uli moyo, bwera. Tenti nambala 46, kuseri kwa thanki." Anabwereza kachiwiri osauzidwa ndi munthu.

Getsi litazima, wojambula mawu anali akupukuta mphuno ndi kolala. Mayiwo anadzuka, nasasa diresi.

"Afisi aja akadali ambiri," anatero ali pakhomo. "Koma tathana."