Anyezi wam'dambo wa a Masiye

A Masiye anawatenga chifukwa cha pakamwa. Ali pamowa ku Chipoka anafunsa kuti khadi la chipani limuthandiza chiyani mwana amene ali m'mimba, ndipo wina amene ankamwera naye chipanda chimodzi anakawanenera. M'mawa mwake galimoto ya apolisi inabwera. Mkazi wawo, Enifa, anangouzidwa kuti ali m'chitokosi ku boma, kuwaona n'kosatheka, koma chakudya amalandira.

Enifa kusukulu sanapiteko, ndipo ngakhale akanadziwa kulemba, kalata ikanalowa bwanji? Chimene anali nacho ndi anyezi wam'dambo, uja wa masamba owonda ngati udzu, amene amamera yekha mvula ikagwa. Akazi ena amamunyoza kuti amanunkhitsa m'kamwa. A Masiye ankamufuna m'chilichonse, mu usipa, m'nkhwani, ngakhale m'therere, zomwe ena ankati ndi misala. Ndiye Enifa anaganiza kuti akangovundukula mbale, fungolo liwauza kuti mkazi wawo sanawataye.

Loweruka lililonse ankalawirira kudambo, n'kumazula ndi kamtengo kuti mitu isaduke. Mituyo ankaisinja ndi mchere n'kuthira mu usipa ukubwata. Masamba ankawaza pomaliza, ataphula mphika. Kenako ankapempha malo pa lole ya nsomba mpaka ku boma. Pakhomo, wapolisi wina wamtali ankamulawitsa kaye, monga mwa lamulo, n'kulowa nazo mbalezo. Zinkabwerako zoyera, ndipo Enifa ankabwerera mtima uli m'malo. Munthu amene akudya ndiye kuti ali moyo.

Mvula inatha, dambo linauma, anyezi anayamba kusowa. Enifa ankafukula m'ming'alu ya dothi mpaka zikhadabo kuthyoka. Usipa wonse unkapita ku boma, ana n'kumadya masamba okhaokha.

Tsiku lina wapolisiyo pobweza mbale anaima pang'ono, akudzisisita pachifuwa.

"Mayi, kuphika mumatha, zoona. Koma anyezi uyu muzichepetsako. Akumandipatsa chilungulira."

Enifa anamuyang'ana. Wapolisiyo anazindikira chimene wanena, n'kutembenukira kumbali.

"Nanga bambo akunyumba, bwana?"

"Amenewo anawasamutsa kalekale, chimanga chisanamasule."

"Anapita nawo kuti?"

"Ife satiuza, mayi."

Panalibe woti n'kumudandaulira, ndipo kulira pamalo amenewo kunali kudziputira zina. Enifa anamanga mbale zake m'kansalu. Anafunsanso chimodzi chokha, motsitsa mawu.

"Koma mbale yoyamba ija inawafika?"

Wapolisiyo anangolowa m'kati n'kutseka chitseko.