Sabata Imene Madzi Anaphwa Kudimba

Gideon ankamva mumtima kuti Mulungu anamusungira ntchito inayake, kungoti sankadziwa kuti ndi iti. Kutchalitchi cha kwawo ku Makhuwira ankawerenga mawu mosajejema, moti tsiku lina a Kalisto, mkulu wa mpingo, anamukokera pambali.

"Iwe uli ndi kanthu. Kwera phiri, usale kudya masiku asanu ndi awiri, umve zimene Ambuye akufuna pa moyo wako. Ukatsika udzapereke umboni."

Ananyamuka Lolemba, Baibulo kukhwapa, chigubu cha madzi kumanja. Mkazi wake Evelesi, yemwe anali ndi pakati potopa, anangoti, "Madzi ayamba kuphwa kudimbatu, bambo a Praise." Iye anayankha kuti amene anakweza madziwo ndi yemwenso adzasamale dimbalo.

Aliyense wobadwira m'chigwa akanamuuza kuti walakwitsa. Chaka chimenecho madzi osefukira anali atakokolola chimanga chonse cha kumunda, chiyembekezo cha banjalo chinangotsalira kudimba. Ndipo kudimba munthu sasankha yekha tsiku. Madzi akamaphwa amasiya kachigawo ka matope tsiku lililonse, mlimi n'kumawatsata pambuyo, kubzala padakali chinyezi. Ukachedwa masiku atatu, dzuwa la kuno limawotcha matopewo n'kuuma ngati phale.

Paphiri Gideon anapemphera, anaimba, anagwada mpaka mawondo ananyuka. Anatsegula Baibulo mwachisawawa kuti mawu amugwere okha. Koyamba anapeza mndandanda wa mayina a anthu obala anzawo, kachiwiri miyeso ya chingalawa cha Nowa. Kumwamba kunali zii. Lachinayi njala inamugonjetsa: anatola malambe awiri n'kukawaswera kuseri kwa mwala, ngati kuti Iye amene ankamudikirayo kumeneko saonako. Ali pamwambapo chigwa chonse chinkaoneka, anthu ataweramira m'mphepete mwa madzi ngati nyerere. Ankadziwa bwino chimene anthuwo ankachita. Anatembenuka n'kumapemphera atayang'ana kwina.

Atatsika Lamlungu m'mawa anapeza Evelesi atagona pamphasa pakhonde, mapazi atatupa.

"Mwabwerako, abusa?"

"Make Praise, chachitika n'chiyani?"

"Msana. Ndinabzala masiku atatu. Lachinayi ndinagwada m'matope, kudzuka osatheka. Anandikweza panjinga ndi asodzi ochokera kukaona miono." Anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. "Nanga kumeneko akuti chiyani?"

Gideon anali atakonza yankho njira yonse, lonena za mtendere waukulu umene unadzaza mtima wake. Linali yankho labwino ndithu. Koma maso ake anali pamapazi otupawo.

"Sananene kanthu."

"Olo pang'ono?"

"Olo. Komanso ndinadya malambe."

Evelesi anayamba kuseka, msana unamubaya, analeka. "Mbewu ili m'ndowa, kuseri kwa chitseko. Musandiimirire pamenepo ngati mwabwera kudzazonda maliro."

Kudimba anapeza chimanga cha masiku atatu chitamera kale, mizere yake yokhotakhota, ya munthu wobzala atagwira m'chiuno. Pothera mizereyo panali maenje awiri ozungulira, ouma gwa, pamene mawondo a mkazi wake anatitimira. Anaima pamenepo nthawi yaitali. Kutsogolo kwake kunali dothi long'ambika mpaka kukafika kumadzi.

Anakumba phando loyamba kufika m'chigongono: fumbi lokhalokha. Lachiwiri chimodzimodzi. Akukumba lachisanu anamva belu la njinga. Anali a Kalisto, atamanga tayi, thalauza atalipisira m'masokosi.

"Gideon! Tchalitchi chadzaza, anthu akudikira umboni. Khasu tsiku la Mulungu?"

"Umboni ndilibe, akulu."

"Aa, iwe. Masiku onse aja osamva kalikonse? Kangonena zimene unamva mumtima basi."

"Ndinamva njala. Mukawauze zomwezo."

A Kalisto anakhosomola, maso awo n'kuthawira kudimba loyandikana nalo. Linali lawo, lobzalidwa mwaudongo mpaka m'mphepete mwa madzi, osaphonya ndi tsiku limodzi lomwe. Gideon analiyang'ananso. Ankafuna kuwakwiyira, koma mkwiyowo unakana kubwera. Mkuluyu sanamunyamule kupita naye kuphiri. Miyendo inali yake, ndipo Evelesi anali atanena.

"Ndikawauza kuti ukudwala," anatero a Kalisto.

"Akudwala ndi make Praise. Amenewo ndiye mukawapempherere."

Njinga itapita, Gideon anatsikira kumadzi n'kuyamba kubzala chobwerera, kulondola chinyezi kukwera kumtunda. Chigawo cha dzulo chinalandira mbewu bwinobwino. Cha dzana chinafuna kukumba mozama. Atafika pa cha Lachinayi khasu linangolira, dothi osalola, ndipo anadziwa kuti kuchokera pamenepo mpaka pamawondo a mkazi wake sipadzamera kanthu chaka chino. Anavundikira mbewu yotsala m'ndowa, n'kuuyamba ulendo wokamuuza.