Lilime la Ba Lemmy

Tamverani chilape ichi, inu amene munapita patali ndi sukulu. Ndi chuma chanji chimene ungapatse mnzako chonse, iyenso n'kupatsa mnzake chonse, koma iwe n'kukhala nachobe chonse? Mwalephera? Musachite manyazi. Ba Lemmy nawonso analephera, pomwe iwo anagona nacho m'thumba la jekete.

Linali tsiku logawa zovala. Monalisa, mwana wa malemu mlongo wanga, tinali titamuika dzulo lake ku Chingwere. Pabwalo la amake, a Mainess, ku Kanyama kuno, anayala mphasa n'kukhuthulirapo masutikesi. Azimayi amene kumanda ankachita kugwiriziridwa kuti asagwe, lero maso anali pa nsapato, aliyense akuyeza phazi lake chamumtima.

Pampando wapakati panakhala ba Lemmy, mlongo wa a Mainess, malume ake a malemu. Palibe anawasankha kuti agawe katundu. Anangofika ndi mpando wawo. Ali anyamata anayendapo pa lole ya ku Dar es Salaam ngati womanga tenti pa katundu, ndipo kuchokera pamenepo nkhani ya nyanja siidutsa pakhomo pawo osaipatsa moni.

Mwina mukufunsa kuti mwana wa ku Kanyama, kumene madzi ambiri timawaona mvula ikalowa m'nyumba, anakafuna chiyani ku nyanja yamchere. Inenso ndinamufunsa. Anandiuza kuti zombo za maiko osiyanasiyana zimayenda kuyeza madzi: kutentha kwake, mchere wake, kumene nsomba zathawira. Koma aliyense akayeza amalemba mwa njira yakeyake n'kutsekera mu ofesi, ngati mkazi wobisira mkazi mnzake tinsomba ta kapenta. Ena amawotcha mafuta kukayeza pomwe anzawo anayeza kale. Ntchito ya Monalisa ku Mombasa inali yoyenda khomo ndi khomo kupempha manambala amenewa, kuwayala mofanana, kulemba pa lililonse kuti linatengedwa kuti, liti, ndiponso ndi ndani, kenako kuwaika pa intaneti kuti wa ku Maputo kapena wa ku Zanzibar atenge osagwadira munthu. Yankho la chilape chija ndi limenelo, ndakupatsani ulere.

Ntchito yomaliza anaigwirira pabedi, akudwala, m'nyumba ya amake. Anali manambala akale a chombo china, amene eni ake anakakamira zaka zambiri asanavomere kuwapereka. Zonse anaziika m'kabokosi kakuda kolumikiza ku kompyuta, kakang'ono ngati sopo wosambira, ndipo kwina kulikonse kunalibe. Kabokosi kameneka ndi kamene kanagona m'jekete la ba Lemmy.

Mnzake wa kuntchito, mtsikana wa ku Kitwe dzina lake Chisala, anabwera pa basi kudzalira maliro, ndipo basi yobwerera inali ya masana omwewo. Anadikira mpaka madiresi atatha, kenako anagwada pafupi ndi mphasa. Ndinangoti mumtima, Mubemba ngati ameneyu akagwadira ife anthu a ku Chipata, osatiseka kuti timadya mbewa, ndiye kuti nkhani yakula.

"Ba mayo," anatero kwa a Mainess, "ine sinifuna nsapato olo chitenje. Nipempha chabe kabokosi ka Monalisa. Vinthu vili mukati vilindiliwa na banthu bambiri."

A Mainess chichokereni kumanda anali asanalankhule. Anangopinda duku la malemu, kulifunyulula, kulipindanso.

"Kabokosi kali pamalo abwino," anayankha ba Lemmy akusisita pachifuwa. "Imwe ba Chisala, muona monga ise ni bana? Mwana wathu anavutika zaka na zaka, manje imwe mutenge mahala mukapase bazungu?"

"Si bazungu chabe, ba malume. Ni aliyense. Na imwe mungatenge pa foni yanu."

"Nitengerenji pa foni vamene vili kale mu thumba yanga?"

Azibambo anagwedeza mitu. Mawuwo anawakomera.

"Nili na munthu wanga mu tauni," anapitiriza ba Lemmy. "Vinthu monga ivi amaviziba mutengo wake."

"Uyo munthu azafuta vonse, aikemo nyimbo na mafilimu," anatero Chisala. "Monalisa anasiliza iyi nchito manja yakangiwa na kugwira kapu."

"Mainess," anatero ba Lemmy, "uza mulendo wako kuti basi siilindila."

A Mainess anayang'ana pansi. Mlongo wawoyo amamuopa kuyambira ali ana, osati chifukwa cha nzeru, koma pakamwa.

Pamenepo ena anatulutsa kireti ya mabotolo imene inali kunsi kwa bedi, ndipo bwalo lonse linadzuka. Paja kuno madzi a m'nyanja yamchere ndi mankhwala. Ena amasamba kuti tsoka lichoke, ena amawaza pakhomo la kantemba kuti ogula abwere, ena amapita nawo kwa abusa. Monalisa zimenezi ankaziseka, koma sankabwera chimanjamanja. Chinthu chimodzi chokha sankalola: botolo lopanda pepala. Lililonse ankalimata kapepala kolembedwa bwinobwino, ngakhale lopatsa ine amene zilembo ndimaziona ngati nyerere zakufa.

"Lekani! Lekani!" anakuwa ba Lemmy, azimayi atayamba kulandana. "Muzagawa bwanji vinthu vamene simuziba? Madzi ya mu nyanja siyalingana. Ine nyanja niiziba monga msika wa Soweto. Monalisa uja, anamuyambisa ndine. Anali kukhala apa pansi, ine nimuuza."

"Munali kumuuza chani, ba malume?" anafunsa Chisala.

"Vonse! Ine ukanipasa madzi, nalawa chabe, nizakuuza: aya ni ya Dar, aya ni ya Durban, aya ni ya pamwamba, aya ni ya pansi."

Apa ine pakamwa panandiyabwa.

"Alamu," ndinatero, "na lilime yamene ija inapsa na kachasu?"

Azimayi anabisa nkhope m'zitenje. Ba Lemmy anaimirira, mpando n'kugwa chagada.

"Imwe ba nkhalamba, munaionako nyanja imwe? Bweresani botolo iliyonse! Nikalephera, aka!" Anatulutsa kabokosi kaja n'kukaika pa kastulu, pamaso pa anthu a mpingo ndi anansi onse. "Nikalephera, mulendo atenge. Nikakwanisa, akwere basi na manja yake yabili."

Chisala anafuna kukana, koma ndinamutsina pantchafu.

Anthu anagwirizana kuti wosankha botolo akhale munthu wosadziwa kuwerenga, kuti pasakhale chinyengo. Maso onse anabwera kwa ine. Sindinakhumudwe. Sukulu ndinaisiya pamene aphunzitsi anayamba chizolowezi chofunsa mafunso. Ndinagwada pa kireti, ndinagwira ili, ndinagwira ilo, ndinatulutsa lina la chivindikiro chofiira, pepala lake ndaliphimba ndi nsonga ya chitenje. Mmene ndinasankhira musandifunse.

Anathira m'kapu. Ba Lemmy anakwezera kapuyo kudzuwa, diso limodzi atatsinzina. Ananunkhiza. Anapunguza pang'ono pansi ngati akupatsa mizimu. Kenako anamwa, nayendetsa madziwo tsaya ili, tsaya ilo, n'kumeza. Bwalo linati zii. Ngakhale wogulitsa malasha pamsewu anaimitsa wilibala.

"Zanzibar," anatero.

"Eee!" anadabwa azibambo.

"Zanzibar, koma osati pamphepete posambila batuwalisiti. Pansi maningi. Kwamene kugona mashaki."

"Muchere mwaumvela, ba malume?" anafunsa Chisala mwaulemu.

"Ndiye kusaziba uko! Na masukulu yanu yonse! Muchere umayandama pamwamba. Pansi madzi niyozuna, yali na kafungo ka nsomba zikulu-zikulu." Anamwanso, ulendo uno kwambiri, napukuta ndevu. "Eya. Na namgumi anapitapo apa."

"Belengani pepala!" anthu anakuwa.

Ndinati ndipereke botolo kwa Chisala, koma dzanja lina linalilandira. Anali a Mainess. Anatenga magalasi awo a ku tchalitchi, anawapukuta ndi duku lija, nayang'ana zilembo za mwana wawo nthawi yaitali. Ndinaganiza kuti alira. Koma anawerenga, mawu ali phee, ngati akuwerenga vesi.

"Malo: Kanyama. Ngalande ya kumbuyo kwa bala, kumunsi kwa khola la nkhumba la a Moven. Nthawi: mvula ya Febuluwale, madzi atasefukira. Wotunga: Monalisa. Wogwira ambulera: azakhali." Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ine ndinayang'ana kumwamba, kuona ngati kukubwera mvula. "Pansi apa analemba na vilembo vikulu: OSAMWA."

Woyamba kuseka anali a Moven eni nkhumba, amene anagwa pa benchi akukuwa kuti namgumi wawo anamugulitsa pa Khirisimasi. Kenako bwalo lonse. Amayi a chigwirizano anagwirana m'mapewa misozi ili mbwembwembwe. Mkulu wa mpingo anayesa kukhosomola kuti abise, koma zinamukanika, anathawira kuseri kwa tenti ya maliro. Wamalasha uja anasiya wilibala n'kukhala pansi mumsewu.

"Nenze kumuyesani chabe," anatero ba Lemmy. "Nenze naziba kudala kuti..."

Mimba yawo inalira mawu amene tonse tinawamva. Anagwira pakhosi, n'kuthamangira ku mpope wa kuseri kwa nyumba. Koma mpope wa a Mainess, monga mipope yambiri kuno, umakhala m'kakhola kachitsulo kokhoma ndi loko.

"Kiyi! Mainess, kiyi!"

A Mainess sanafulumire. Anatola kabokosi pa kastulu, anakapukuta fumbi, anakaika m'manja mwa Chisala n'kutseka manjawo ndi awo.

"Kapase bonse," anatero. "Koma mulembepo zina yake."

"Monalisa analemba mazina ya banthu bonse, ba mayo, na ya wophika mu chombo," anayankha Chisala. "Yake anaibala. Tizalemba ise."

"Mainess! Nizafa ine!"

Apo m'pamene anamasula kiyi pa mfundo ya chitenje, nayenda pang'onopang'ono kupita ku mpope, ife tikutsatira.

"Iyi kiyi," anatero akutsegula, "ninamumenyelapo Monalisa ali mwana. Nikayenda ku msika, anali kusegulila komboni yonse."

Madzi anatuluka. Ba Lemmy anaika mutu wonse pansi pa mpope, jekete ndi tayi zomwe, akuchukucha m'kamwa ndi kulavula. A Mainess anayang'ana loko uja m'dzanja lawo. Sanamubwezere. Anakamuponya pamphasa, pakati pa nsapato zotsala, kuti womufuna atenge.

Anansi sanachedwe kuona. Posakhalitsa kumbuyo kwa ba Lemmy kunali mzere wa zidebe, ndipo mayi wa kutsogolo anawagwira paphewa mwaulemu wonse.

"Ba Lemmy, tikalibe kutapa, tiuzeniko. Aya ni ya Durban olo ya Dar?"