Mayina Khumi ndi Awiri Amene Sanafike

Mayina khumi ndi awiri analembedwa, koma pamndandanda wa ana olemba mayeso panalibe. Mlembi wa sukulu anawalemba ndi zala zake Lachiwiri. Tsopano linali Lachisanu, tsiku lomaliza kutumiza mndandandawo, ndipo mwana wotsalira akanadikira chaka china.

Sukuluyo inali ya banja. Bambo ake a Mlembi ndiwo anali mphunzitsi wamkulu, ndipo iye anali atakhala padesiki la pakhomo zaka khumi ndi chimodzi. Kenako mchimwene wake anakwatira mkazi wodziwa makompyuta, mkaziyo n'kupatsidwa desiki la pawindo. Mlamuyo anasonkhanitsa mayina onse m'nkhokwe imodzi, mu kompyuta yaikulu yotchedwa seva, kuti aliyense azilemba ndi kuwerenga momwemo. Kuyambira pamenepo Bambo sankamaliza chiganizo osatchula "mpongozi wanga".

Mlamu atadzipereka kuti amulumikizire kompyuta, Mlembi anangoti, "Ine ndinayamba kugwira kompyuta inu musanaguluke mano." Masana mlamu atatuluka, anakopera nkhokwe yonse mu fulashi, kachipangizo konyamulira mafayilo, n'kuiika mu kompyuta yake. Pulogalamu inatseguka, mayina onse mbwee! Milungu itatu anayenda mapewa ali m'mwamba.

"Kwa ine akuoneka," anatero Mlembi m'mawa wa Lachisanulo, akuloza sikirini. "Ngati kwanu kulibe, alipo wawafufuta."

"Ndiwafufute kuti ndipindulenji, alamu?"

"Kaya. Kuti muwapezenso, akuomberereni m'manja."

Bambo anatsokomola, n'kupita kukaitana mayi wa nyumba yoyandikana nayo, wolumikiza makompyuta m'maofesi, yemwe ana ankamutcha Mayi a Mawaya.

Mayiwo sanafunse za mkangano. "Lembani mawu alionse, achemwali." Mlembi analemba. "Inu apawindo, afika?"

"Ayi."

Mayi a Mawaya anatsegula pamene pulogalamu imauzidwa kokatenga mayina, n'kuseka chapansipansi. "Palibe wafufuta kanthu. Pulogalamu yanuyi ikuloza fayilo ya m'kompyuta mwanu momwe muno. Mwakhala mukulemba makalata n'kumawaponya m'thumba lanu lomwe."

Mlembi anayang'ana pawindo kuti aone ngati mlamu akumwetulira. Sankamwetulira, ndipo zimenezo zinamupweteka kwambiri.

"Zofunika n'zitatu," anapitiriza Mayi a Mawaya. "Adiresi ya seva, iyi ndalembayi. Dzina la nkhokwe, ili. Chachitatu ndi dzina lanu lolowera ndi mawu achinsinsi. Zimenezo amapereka ndi woyang'anira seva."

"Ndingolowera pa dzina la Bambo."

"Ayi. Aliyense lake, kuti cholakwika chikachitika tidziwe kofunsa."

Woyang'anira seva anali pamtunda wa mapazi anayi okha, koma Mlembi anaona ngati ndi kutsidya kwa mtsinje. Anaganiza za kamtsikana kovala nsapato za mkulu wake, kamene dzina lake linali loyamba pa khumi ndi awiri aja. Ananyamuka n'kupita pawindo.

"Alamu, ndipatseniko dzina lolowera."

"Lakhala likukudikirani kuyambira mwezi watha. Mawu achinsinsi musankhe nokha, ine ndiyang'ana kumbali."

Mlembi atalowa mu seva, Mayi a Mawaya anakana kuchoka asanayese. Mlembi analemba dzina la kamtsikana kaja.

"Lafika!" anafuula mlamu.

Otsalawo Mlembi anawalemba osayang'ana papepala, ndi masiku awo obadwa omwe. Mlamu anagwira pakamwa. "Onsewo m'mutu? Ine mwana akalowa ndimayamba ndamufunsa kuti ndiwe ndani."

"Ndi zaka, alamu," anayankha Mlembi, ndipo mawuwo anamukomera kuposa mmene anayenera kukomera.

Fayilo yokopera ija anaifufuta onse akuona. Nthawi ya nkhomaliro isanakwane mndandanda unapita, ana onse alimo.

Mayi a Mawaya akukulunga zingwe zawo anati, "Muwauzeko anzanu m'maofesimu. Nkhokwe ya onse sakopera, amalumikiza. Funsani adiresi kwa woyang'anira, lowani pa dzina lanu, ndipo yesani: lembani kuno, mnzanu aone uko. Nsanje ikakuletsani kufunsa, wovutika si amene mukumuchitira nsanjeyo, koma mwana amene dzina lake latsala."