Belu Limene Linazimitsa Wailesi

Makasitomala ankamutcha Wailesi, ndipo dzinalo silinamulakwire. Wometayu akakukhazika pampando n'kukumanga nsalu m'khosi, basi wagwidwa: za mpira, za ndale, za matenda, wodziwa zonse anali iyeyo. Nanga ndani angatsutsane ndi munthu amene wagwira lumo pafupi ndi khutu lako? N'chifukwa chake mkuluyu ankakhulupirira kuti chibadwire sanagonjepo pamkangano.

Kunyumba nako kunali chimodzimodzi. Mwana wake wachisamba, mtsikana wofatsa, anali m'chaka chomaliza kusekondale, ndipo Wailesi anali atagamula kale kuti akangolemba mayeso adzayamba kumeta pampando wachiwiri wa m'shopumo. Fomu yopitirizira maphunziro, yofunika kuti kholo lisaine pofika Lolemba, inali itapsinjidwa pansi pa bokosi la zipeso. Mwanayo akati, "Koma bambo..." iye ankamudula pakamwa: "Koma wa chiyani?"

Loweruka, tsiku la mitu yambiri, mkazi wake anamukakamiza kuti akaonere mwanayo pampikisano wa mtsutso kusukulu. Wailesi anaseka mpaka kutsokomola. Mwana woopa kuitanitsa ngakhale mchere patebulo akatsutsa ndani? Anatseka shopu monyinyirika n'kupita.

M'holo munali matebulo awiri oyang'anizana, ophunzira atatu uku, atatu uko. Wapampando, mphunzitsi wamkazi wa magalasi, anafotokoza malamulo. Aliyense ali ndi mphindi zisanu, ndipo belu la wosunga nthawi likalira akhale pansi ngakhale mawu akadali pakamwa. Asanatsutse mfundo ya mnzake, ayambe waibwereza molondola kuti oweruza adziwe kuti anaimva. Kenako anawerenga mutu wa mtsutso: "Makolo ndiwo ayenera kusankhira ana awo ntchito." Mwana wa Wailesi anali kumbali yovomereza.

Mtsikanayo ataimirira, bambo ake sanawazindikire mawu amene anatuluka. Anali odekha, omveka mpaka kumabenchi a kumbuyo. Anati kholo linamudziwa mwana iye asanadzidziwe yekha. Anati luso la m'manja palibe bwana angakulande, ndipo bambo wopatsa mwana ntchito yake akupereka chinthu chokhacho chimene ali nacho. Zinali mfundo za Wailesi zomwe zija, koma zochapidwa ndi kusitidwa. Mnyamata wamtali wa mbali yotsutsa anaimirira atatambasula dzanja kuti afunse funso.

"Ayi zikomo, ndimalize kaye mfundoyi," anatero mtsikanayo. Chimnyamata chonse chija chinakhala pansi.

 Wailesi anadzidzimuka ataimirira kale. "Auze, mwanawe! Auze!"

Belu linati ngee! "Bambo, omvera salankhula," anatero wapampando akumuyang'ana pamwamba pa magalasi. Holo yonse inafa ndi phwete, ndipo wometayo anakhala pansi msangamsanga.

Panthawi yopuma anagunda ndi chigongono mayi amene anayandikana naye. "Ndi wanga ujatu. Wagwirizana nane tsopano."

"Mbali sasankha okha, achimwene," anayankha mayiyo. "Amachita maere. Gawo lachiwirili asinthana."

Anasinthanadi. Mtsikanayo anayamba ndi kubwereza mfundo za anzake aja imodziimodzi, mosakhotetsa, mpaka eni akewo anagwedeza mitu. Akuluakulu amati kutsutsa galu n'kukumba, ndipo mwanayu anakumba. Anavomera kuti kholo limamudziwa mwana amene linamulera, koma anati munthu wazaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri si khanda lija ayi. Anati luso lochita mokakamizidwa limaoneka ndi zipsera pamitu ya anthu. Pomaliza anafunsa, osayang'ana kumene kunali bambo ake: "Kholo limene silinamvepo mwana wake akumaliza chiganizo, likusankhira ndani?" Anakhala pansi, belu n'kulira pambuyo.

Wailesi anadikira kuti mkwiyo ubwere, koma sunabwere. Chimene chinamugwira chinali mantha osakanikirana ndi kunyada. Mwana ameneyu anatha kunyamula maganizo a bambo ake, maganizo amene iye ankadana nawo, n'kuwaimika bwino kuposa mwini wake. Mumtima Wailesi anayesa lamulo lija, kuti nayenso abwereze mfundo ya mwanayo. Kodi amafuna kukaphunzira chiyani? Anafufuza m'mutu monse osapeza kanthu. Fomu ija sanaiwerenge n'komwe. Sanamvenso kuti wapambana mpikisanowo ndani.

Anakumana pakhonde, pafupi ndi bolodi la zidziwitso. Mtsikanayo anazyolika, akuyembekeza mvula ya mawu.

"Zanga zija unazinena bwino kuposa ine," anatero Wailesi.

"Ndimakumverani tsiku lililonse, bambo."

Kenako wometayo anafunsa: "Nanga fomu ija... ndi ya maphunziro anji?"

Mwanayo anatsegula pakamwa n'kuima, monga anazolowera, kudikira kuti adulidwe. Palibe anamudula.

"Kukonza injini za ndege, bambo. Ndakhala ndikufuna kuyambira ndili ndi zaka khumi."

"Ndege," anatero Wailesi chapansipansi. Zaka zisanu ndi ziwiri, m'nyumba imodzi! Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Tiye kushopu. Uzikandiuza bwinobwino ine ndikufunafuna cholembera."