Malaya Oyera ku Chikangawa

Allan anaponya thumba pamapazi pa apongozi anga, zam'kati n'kukhuthukira pa udzu. Zinali zikopa za mbuzi zosafufuta bwino, zonunkha, pamodzi ndi nthenga za nkhuku zomangidwa pazingwe.

"Valani izi, madala," anatero. "Mukwera pansanja oimba gitala aja akangotsika."

Allan anali bwana wanga. Ndiye ankakonza chikondwerero cha zaluso chimene chinkachitika chaka chilichonse anthu akakolola, pa loji ina m'nkhalango ya paini ku Chikangawa. Alendo ankachokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre pa magalimoto awo Lachisanu, n'kukhoma matenti, kuwotcha nyama, kugula zosemasema, kenako n'kubwerera kwawo Lamulungu. Ine ndinali woyendetsa mwambo. Maikolofoni inali m'manja mwanga kuyambira m'mawa, ndipo gulu la malipenga la ku Geisha, dera lina la ku Mzuzu, ndinalilowetsa pamndandanda ndine.

Ndinachita zimenezo ndi cholinga. Mtsogoleri wa gululo, amene anzawo ankawatchula kuti Kingi, anali bambo Stanford Mhango, bambo a mwamuna wanga. Chikwatiwireni ku Mzuzu kuchokera kwathu ku Dedza, anali asanandilankhulepo mwachindunji. Mwambo unalipo, inde, koma panalinso china. Sankakondwa kuti mkazi wa mwana wawo azigona kunja kumapeto a sabata, atavala thalauzi, akukuwa pamaso pa anthu oledzera. Ndinkafuna aone ndi maso awo kuti ntchito yangayi ndi ntchito.

Tsopano anali ataima pamenepo, iwo ndi anzawo, atavala monga amavalira ovina malipenga: malaya oyera ositidwa, makabudula oyera, mataye, masokosi ofika m'mawondo. Anakankha chikopa chimodzi ndi nsonga ya ndodo yawo.

"Ivi ni vichi?" anafunsa m'Chitumbuka.

"Zovala zachikhalidwe," Allan anayankha. "Alendo athu abwera kudzaona zenizeni zakumudzi. Mukatulukira ndi mataye anuwa aziyesa ndinu mawetala a pa loji pano. Wina akutumani mowa."

Amuna ena anaseka mowawidwa. Apongozi anga sanaseke.

"Mwana wanga, gule uyu agogo anga anabwera naye kuchokera kunkhondo. Adada anga anamuvina atavala kabudula woyera mpaka mawondo anawakana. Chikopa cha mbuzi ife timakungira ng'oma. Sitivala."

"Ndiye simuvina."

"Yewo chomene," anathokoza nkhalambayo, n'kutembenuka.

Allan anandikokera kuseri kwa nsanja. Sanakweze mawu. Anali munthu wodziwa kuti mawu otsika amaopsa kuposa okuwa.

"Mwaiwathu, anthu ako andisokonezera pulogalamu. Ukwere apo uuze alendo kuti lole ya ovina malipenga yafera panjira. Tiika nyimbo, anthu avine okha."

"Lole yake ndi iyo ili apoyo, bwana. Aliyense waiona."

"Alendo sayang'ana malole. Ndipo kumbukira, zochitika zonse za chaka chino ndinati uziyendetsa ndiwe. Atsikana odziwa kulankhula alipo ambiri."

Ananditsinzinira ngati tagwirizana, n'kupita kukapatsa moni azungu ena amene anali kufika.

Ndinawapeza ovina aja pafupi ndi lole, akulongedza malipenga awo a zikho m'katoni. Nkhungu inali itayamba kutsika m'mitengo, kamphepo kakubaya m'makutu. Apongozi anga anali atakhala pachitsa, akupukuta nsapato zimene zinali zowala kale. Ndinagwada pa udzu wonyowa, chapatali monga ndinaphunzitsidwira.

Sanandiyang'ane. Analankhula kwa a Fyson, mnzawo wakale amene ankaimba ng'oma yaikulu.

"A Fyson, muuzeni mkamwana kuti ife tikupita. Atichititsa manyazi mokwanira. Asavutike, asamale ntchito yake."

A Fyson anatsegula pakamwa kuti abwereze, koma ndinawadula.

"Adada, ndamva ndekha. Ndikupempha musakwere lole."

Onse anasiya zimene ankachita. Panalibe amene anandimvapo ndikuwayankha apongozi anga maso ndi maso.

"Folani kuseri kwa mitengo iyo, mmene mwavaliramu. Mukamva ndatchula Geisha, bwerani."

"Bwana wako wasintha maganizo?" Funso limeneli anandifunsa ineyo.

"Ayi. Sanasinthe."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaimirira, nawongola taye yawo, n'kutulutsa wezulo m'thumba la malaya.

Oimba gitala atatsika, ndinakwera pansanja. Kutsogolo kwanga kunali anthu atakhala pamipando yopinda, ena atafunda mabulangete, ana akuthamangitsana pakati pa matenti. Allan anali ataima pafupi ndi makina okuzira mawu, manja m'thumba.

"Amayi ndi abambo," ndinayamba, "ndauzidwa kuti ndikuuzeni kuti lole ya ovina malipenga yafera panjira. Ndi bodza. Afika kalekale, ndipo malaya awo anawasita dzulo ndi simbi yamakala. Awaletsa kuvina chifukwa akana kuvala zikopa za mbuzi zimene makolo awo sanavalepo. Akuti inu simungakonde kuwaona mmene alili. Ine ndati tikufunseni eni akenu."

Ndinaona dzanja la Allan likupita pamakina. Maikolofoni inafa m'manja mwanga. Ndinaiika pansi bwinobwino, chifukwa sinali yanga. Kenako ndinakoka mpweya wonse umene chifuwa changa chikanatha kunyamula.

"Geisha!"

Ndinamva mwana akulira kutali, ndi nyama ikuthetheka pamoto. Ndinaganiza kuti ovina aja sanamve, kapena kuti nkhalamba yasintha maganizo ndipo ndatsala ndekha pansanja ngati chitsiru.

Wezulo inalira m'mitengo. Ng'oma ya a Fyson inayankha, yolemera, yomveka m'mimba. Ndiye anatulukira mu nkhungu, mizere iwiri, oyera mbee, malipenga akulira ngati njuchi zolusa. Patsogolo panali apongozi anga, chibwano m'mwamba, ndodo ikuzungulira m'zala. Munthu amene kunyumba ankadzuka pampando akubuula anali kuponda pansi ngati nthaka yonse ya Chikangawa ndi ya bambo ake.

Sanakwere pansanja. Anaidutsa osaiyang'ana n'komwe, n'kukavinira pakati pa anthu, padothi.

Allan anaika nyimbo, naikweza mpaka zokuzira mawu zinayamba kunjenjemera. Malipenga a zikho sangalimbane ndi magetsi. Kwa mphindi zingapo tinkangoona amuna akupinda mawondo ndi masaya akufufuma, osamva kanthu. Koma palibe amene anaphonya phazi. Apongozi anga anatembenuza mizere ija n'kuilunjikitsa kumene kunali makina, pang'onopang'ono, mpaka anafika pamaso pa Allan penipeni. Anavina pamenepo, thukuta likutsika m'khosi, akumuyang'ana m'maso.

Oyamba kukuwa sanali alendo. Anali amayi ophika a pa loji, amene anatuluka m'khitchini atavala maepuloni, akululutira.

"Zimitsani chiwawa icho!" mmodzi anakuwa. "Tikufuna kumva ng'oma!"

Mawetala anaika mathireyi pansi. Kenako alendo ena anayamba kukuwa nawo. Sindinganame kuti onse anakhudzidwa, ayi. Ena anapitiriza kutembenuza nyama yawo, ena ankangojambula ndi mafoni osadziwa n'komwe kuti pali mkangano. Koma okuwa anachuluka, ndipo Allan anazimitsa nyimbo ija.

Gule atatha, Allan anandipeza ndikutsika masitepe. Nkhope yake inali yosalala ngati palibe chachitika.

"Vula baji ya kampani," anatero. "M'basi ya antchito mulibe malo ako. Upeze wekha njira yobwerera ku Mzuzu."

Ndinavula baji ija n'kumupatsa m'manja, ndi manja awiri, mwaulemu wonse umene amayi anga anandiphunzitsa. Zinamupweteka kuposa ndikanamuponyera.

Ndinatenga chikwama changa n'kuyamba kuyenda kulowera kumsewu waukulu. Mvula yowaza inali itayamba. Ndisanafike pachipata, lole ija inaima pambali panga, ovina ali kumbuyo, masokosi awo atafiira ndi dothi. Chitseko chakutsogolo chinatseguka. Apongozi anga, amene ankakhala pafupi ndi dalaivala chifukwa cha udindo ndi msinkhu wawo, anatsika movutikira.

"Khala kutsogolo, mkamwana. Kumbuyo kukuzizira."

"Ayi, adada, inu ndinu akulu. Ine ndikwera kumbuyo."

"Iwe kodi umakana aliyense?" anatero, ndipo amuna onse kumbuyo kuja anaphulika ndi kuseka.

Sanadikire yankho langa. Anapereka ndodo yawo kwa a Fyson, anzawo n'kuwakoka m'mikono mpaka anakwera. Lole itanyamuka ndinacheuka pa kagalasi kakumbuyo. Sanakhale pansi. Anali ataimirira atagwira chitsulo, mvula ikuwamenya kumaso, malaya atamatirira pachifuwa. Pamene tinkadutsa alonda a pachipata, anaika wezulo pakamwa, ndipo malipenga onse anayambanso kulira.